Musakhulupirire Zonse za pa Kanema

Arcadia, Pretoria

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino pamodzi ndi onse ku Balaka. Ine kuno ku Joni ndili bwino, ntchito ya m'nyumba ikuyenda, ndipo ndanenepako.

Achimwene a Geofrey andiuza kuti mudzi wonse wandiona pa foni ndili pa zionetsero. Azakhali, ine ndi ndale wapi ndi wapi? Ndinkapita kokakwera tekisi, chikhamu cha anthu n'kundimeza. Madzulo ake, wailesi ya kanema ina inandionetsa n'kumati anthu akwiya ndi boma. Ina inaonetsa nkhope yomweyi n'kumati alendo akuthawa ndi mantha. Abwana anakhulupirira yoyambayo, adona yachiwiriyo, mpaka anakangana patebulo, ine mwini nkhope ndikuwathirira tiyi. Palibe amene anandifunsa! Ndinakasekera kukhitchini mpaka misozi. Eish, atolankhaniwa aliyense ali ndi mbali yake, musamangowamvera.

Tsono ndamva kuti amayi ayang'anitsitsa chithunzicho, ndipo akufunsa za diresi londithina pamimba, komanso za mnyamata amene anandigwira dzanja. Dzina lake ndi Farai, amasamalira maluwa ku Queenswood. Anabadwira ku Zimbabwe koma agogo ake ndi a ku Dedza, ndipo ndi munthu waulemu kwambiri. Za diresizo, muwauze amayi kuti makamera amanama.

Koma inuyo, Azakhali, Lamlungu mukaweruka kutchalitchi mukakhale panokha, ndidzakuimbirani. Pa zonse anaonetsa zija, pali chimodzi chimene sananame.

Ndatha ine mwana wanu,
Keresia