Kalata imene ndinatentha

Lachiwiri, 15 Epulo 1980. Lero mtima sunakhale m'malo.

Kalata ya mwana wanga Fanuelo, amene akuphunzira ku Amereka, yafika yotsegulidwa n'kumatidwanso. Wina wadula mzere wofiira pansi pa zilembo ziwiri, DH. Kaya akuziyesa chizindikiro cha oukira boma? Komatu ndi za masewera. Pa mpira wawo womenya ndi ndodo, DH ndi amene amangomenya m'malo mwa woponya, n'kukakhala pansi. Fanuelo anafotokoza zonsezi m'kalata ya mwezi watha.

Amayi ake akuti, "Apolisi akabwera mungowaonetsa kalata ya mwezi watha ijayi, abambo a Fanuelo. Mukunjenjemera chiyani?"

Ndangoti eya. Sindinawauze kuti ndinaitentha kumunda wa mpunga, poopa kusunga makalata akunja. Panopa akukhuthula sutikesi yonse kuifunafuna, akuimba nyimbo, ndipo ine...