Ndatsekera Azakhali Chitseko

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Ife kuno ku Tengwe tilipo. Fodya wachita bwino chaka chino, ndipo bambo akukanganabe ndi wailesi monga munawasiyira.

Nkhani yaikulu ndi yakuti muli ndi mdzukulu. Dzina lake ndi Takondwa, ndipo kusadikira watengera inu. Anabwera mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha, ine ndili mushedi kusankha fodya. Kanali kanthu kakang'ono, Amayi, kokwana m'chipewa cha bambo ake.

Anesi a kuchipatala cha ku Karoi anandifotokozera kuti chitetezo cha mayi chimapita kwa mwana makamaka m'miyezi yomaliza, ndiye wathuyu anatuluka asanalandire gawo lake lonse. Akuti kumayiko ena amayi oyembekezera amabayidwa katemera wa chifuwa chokoka mtima nthawi ikadalipo, kuti ngakhale mwana wofulumira chonchi atengeko kenakake. Ife tinayenera kudikira kuti abayidwe yekha.

Titabwerera kuchokera kuchipatala tinapeza chifuwa chomwecho chalowa m'komboni, ana akutsokomola mpaka kusanza. Ndinachita mantha, sindikubisirani. Inu munkati mwana watsopano munthu aliyense amunyamuleko, asadzakule wothawa anthu. Pepani, ine ndinatseka chitseko. Azakhali a Nabanda atabwera ndi sopo ndi chitenje, akutsokomola nawonso, ndinawaonetsa mwana pawindo. Anachoka akuuza komboni yonse kuti ndikuchita ngati ndabereka mwana wa bwana. Analamulanso kuti mwanayo asabayidwe mpaka atakwanitsa miyezi imene anaisiya m'mimba, koma anesi anati timawerenga kuyambira tsiku limene anabadwa.

Mkamwini wanu, yemwe munkati ndi wofatsa ngati wodwala, akaweruka amasamba kaye, n'kumuika mwana pachifuwa m'kati mwa ovololo kuti azimva kutentha. Anzake a kumabalani a fodya amamufunsa ngati mkaka wayamba kutuluka. Iye amangoseka.

Sabata yatha Takondwa analandira katemera woyamba. Analira mokweza, ine n'kuyamba kuseka pamaso pa anesi, chifukwa mawu aakulu chotero ndinali ndisanawamve mwa iye. Azakhali akadali chikwiyire, koma dzulo anatumiza mazira.

Takondwa akamaliza jakisoni zotsalazo ndidzatsegula chitseko, ndipo ndikulonjeza kuti ulendo wake woyamba udzakhala wa kumanda kwanu. Masiku onsewa anthu amagogoda ine n'kumakana, pamene munthu amene ndinkalakalaka kuti agogode ndi inu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati