Uthenga wa maliro unafika titaika kale

Mtendere, Lusaka
29 Ogasiti 2021

Alongo anga a Judith,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo wa amayi unaphwa? Ife kuno tilipo, ine ndi Tiza, ngakhale nyumba yatikulira chichokere Emelda.

Ndamva kuti apongozi ku Vubwi akwiya, akuti ndinaika mwana wawo ngati nkhuku, osawauza. Akutinso abwera kudzatenga mwana wathu Tiza akakulire kumudzi kwa amayi ake. Ndiye ndati ndikulembereni zonse mmene zinayendera.

Emelda atagonekedwa ndi korona, sankatilola kulowa. Namwino wina wachifundo, ba Namukolo, ndiye ankatitumizira mawu ake pa WhatsApp. Lachinayi la mavoti ndinaima pamzere kuyambira mmawa. Masana anthu anayamba kudandaula kuti WhatsApp yatsekedwa. Achinyamata ankaseka, amvekere iwo ali ndi njira zawo zozembera. Ine sindinasamale. Madzulo ba Namukolo anandiimbira kuti Emelda watisiya, ndipo kuti mwa lamulo la matendawa tiyenera kuika mawa lake.

Mukudziwa kuti mkamwini sauza apongozi maliro yekha, amadzera kwa ankhoswe. Ankhoswe athu ba Jameson ali ku Mchinji, ndipo timalankhulana pa WhatsApp basi. Ndinawajambulira uthenga n'kutumiza, ndili ndi chikhulupiriro chakuti upita usiku womwewo. Nambala ya apongozi ndinali nayo, foni wamba inkagwira, koma ndinaopa kulumpha mwambo. Apo ndiye ndinalakwa. Uthenga unafika Loweruka, titaika kale kumanda a ku Chingwere, anthu asanu ndi atatu okha.

Ndakhala ndikuwerenga manyuzipepala, mwina ndimvetse. Chaka chonse akuluakulu ankatiuza kuti tisasonkhane, maliro ndi mapemphero tizichitira pa foni. Tinamvera. Tsono tsiku limene iwo anachita mantha, anatseka khomo lomwe anatilozera lija, osafunsa a zaumoyo kuti odwala amadalira chiyani. Boma lasintha, anthu avina m'misewu, atsopanowa akuti sizidzachitikanso. Ndikufuna kuwakhulupirira.

Loweruka lomwelo kunalowanso uthenga wina, wa Emelda, umene anajambula Lachinayi masana. Ankanena mopuma movutikira kuti ndikamaliza kuvota ndimubweretsere chitenje chake chobiriwira chifukwa kukuzizira, ndiponso ndiuze amayi ake asade nkhawa. Tiza sindinamutsegulirebe kuti aumve.

Pempho langa ndi limodzi. Tengani amalume, mupite ku Vubwi ndi kalatayi, mukawawerengere apongozi yonse, ngakhale pamene ndavomera kulakwa. Mwana ndi wa mbumba yawo, sindikukana. Ndikungopempha kuti alembe kaye mayeso a Giredi 7, ndipo tchuthi chikafika ndidzabwera naye ndekha, tidzakhale pansi. Akandichotsera iyeyu panopa, sindidziwa ndidzadzukira chiyani mmawa.

Mawu a Emelda aja ndakutumizirani pa foni. Mukawatsegulire amayi ake amve, poti anali awo. Achedwa ndi masabata awiri, koma afike.

Moni kwa amayi, amalume, alamu ndi adzukulu onse. Tiza akuti azakhali amubweretsere nsawawa. Inki ya mavoti ikadali pachikhadabo changa, ikutsika pang'onopang'ono.

Ndine mlongo wanu,
Benedict