Mbali Imene Amagonera Bambo Ake

Lolemba, 9 Juni
Chiperoni chiyambire Loweruka. Zofunda za bambo ake Lilly sizikuuma. Chiwagwireni sitiroko mkodzo umangotuluka, ndipo m'chiuno mwayamba chilonda. Anesi akuti pasamanyowe. Nanga ine tsiku lonse ndili kothyola tiyi. Lilly wabwera kutchuthi kuchokera ku yunivesite. Ndayanika kuseri kwa bafa, asaone. Bambo ake anandilumbiritsa.

Lachitatu, 11 Juni
Mwanayu waonda. Patebulo ponse tinsalu tosaluka, ta ulusi wa nthochi wongopanikiza. Amadonthezapo tiyi, n'kujambula ndi foni. Kenako pa kompyuta pamabwera banga la buluu, likuyenda lokha. Akuti makinawo amaonetsa kumene madzi athawire usanathire n'komwe. Sukulu yonse ija, kudzaseweretsa tiyi? Bola ngopanda shuga.

Loweruka, 14 Juni
Chilonda chakula. Akana chakudya, nkhope kukhoma. Akuti, "Ndasanduka khanda." Ndinalira pakati pa mizere ya tiyi. Akapitawo amayesa chimfine.

Lachiwiri, 17 Juni
Tikutsuka mbale, osandiyang'ana n'komwe: "Amayi, abambo amagonera mbali iti?" Ndiye kuti akudziwa. Kuyambira liti? Mwana wamkazi sakhudza zogonera za bambo ake, iyenso sanapemphe. Ndinati kumanzere. Anatsegula kompyuta n'kupendeketsa chithunzi chija, buluu n'kuthamangira m'mphepete mpaka kutayikira kunja. Anaonjezera ulusi mbali imeneyo. Kutayikanso. Anasinthanso. Ine chilili ndi mbale m'manja, kupempherera banga. Mapeto ake linaima.

Lachinayi, 19 Juni
Lilly wandipatsa matewera a tinsalu tija m'jumbo. Zala zake zabowokabowoka ndi singano. Bambo ake ndawauza kuti achokera kuchipatala. Mulungu andikhululukire. Nanga akawayabwa? Nanga akadontha?

Lachisanu, 20 Juni
Mphasa youma. Ndinapapasa, kupapasanso. Youma. Koma mwina anamwa madzi ochepa dzulo. Ndisafulumire.

Lamlungu, 22 Juni
Youmabe. Chilonda chayamba kuuma. Titabwera kuchokera kutchalitchi bambo ake anapempha kuti ndiwatulutse pakhonde, koyamba chidwalireni. Ndikuwakonza bulangete anandinong'oneza kuti zakuchipatalazi zikununkhira nthochi za kuseri kwathu. Ndinasowa poyang'ana.

Kenako anaitana Lilly. Anabwera n'kugwada patali, mutu pansi.

"Sendera kuno, mayi. Undionetse buluu wako uja."