Mbale ya achemwali ikabwerera ndi chakudya

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu. Msana uja ukukulolani kuwerama? Nanga mandala aja mukuvala, kapena akadali m'kabati kudikira tsiku la alendo? Ife kuno tikudzuka. Makina anga osokera akulira tsiku ndi tsiku, mapasa a achemwali ali kusukulu yogonera konko, alamu ali pamsewu ndi lole yawo monga mwa nthawi zonse.

Pepala limene achipatala anapatsa achemwali pamodzi ndi jakisoni amene akubaya lili ndi chidindo, ndipo likunena motere: jakisoniyu ndi wa munthu mmodzi yekha, amene dokotala wamuyeza ndi kumulembera, amagwira ntchito m'thupi la wobayidwayo, ndipo sasintha kanthu pa wina aliyense wa m'nyumbamo. Ndayamba ndi pepala chifukwa ndikudziwa kuti chidindo mumachimvera kuposa mwana amene munamuchapira matewera.

Uthenga wanu unafika. Tamva kuti msuweni wathu, mwana wa azakhali, atachoka kuno anakuonetsani chithunzi cha achemwali, ndipo inu munalira n'kunena kuti chisamba chanu chatha. Tamvanso kuti mkamwini wanu mwamuweruza kale: ngati sakumana mwana wanu chakudya, ndiye kuti wamubweretsera matenda a pamsewu. Alamu akuimbirani kawiri, simunayankhe. Kachiwiriko anakhala nthawi yaitali atagwira foni m'manja, kenako anandifunsa ngati kwanuko mafoni akuvuta. Ndinawayankha kuti akuvuta. Bodza limenelo ndasenza ine, ndiye ndiloleni ndilitule.

Achemwali sakudwala matenda amene mukuganizawo. Ankadwala chaka chatha, nthawi imene aliyense ankawayamikira kuti banja likuwayanja. Tikukhala pamwamba, pansanjika yachitatu. Pokwera masitepe ankaima katatu, ndipo poima paliponse ankatulutsa foni ngati wina wawatumizira uthenga. Ine ndili kumbuyo ndi matumba ndinkaona kuti foniyo ndi yozima. Akaweruka kusitolo ya nsalu kuja, komwe amaima tsiku lonse, mapazi ankakhala atatupa mpaka nsapato kusiya mzere. Madzi ankamwa ngati munda.

Tsiku lina anachita chizungulire akuyezera munthu nsalu, anzawo n'kuthamangira nawo kuchipatala. Anawapeza ndi shuga, magazi akuthamanganso kwambiri. Amayi, sindifuna kutokosa chilonda, koma bambo anayamba chimodzimodzi. Nawonso anthu ankawatamanda kuti thupi likuonetsa kuti kunyumba kuli mkazi. Pamene tinkawaperekeza kukadulidwa chala chakuphazi, otamandawo sindinawaone.

Jakisoni sanayambe tsiku lomwelo. Dokotala anayamba wawapatsa mapiritsi, n'kuwauza kuti aziyenda ndi kuchepetsa chakudya. Anayesa miyezi isanu ndi umodzi, ine mboni. Sikelo inkangosuntha ngati ikuchita manyazi. Anandiuza tsiku lina kuti njala yawo ili ngati wailesi ya m'nyumba yoyandikana: suyifuna, sungayizime, imangolankhula ngakhale wangomaliza kudya. Dokotala atamva zimenezo, n'kuonanso mmene shuga analili, ndi pamene analemba jakisoni.

Tsiku loyamba ndinawaperekeza, chifukwa mwana wanu, mlongo wake wa telala, amaopa singano. Namwino anatikhazika pansi n'kufotokoza. Akuti munthu akadya, matumbo amatulutsa timadzi tina totumiza uthenga kumutu kuti basi, takhuta. Mwa anthu ena uthengawo umafika mochedwa kapena monong'ona, mbale yachiwiri itatha kale. Mankhwalawa amatsanzira timadzi timeneto, koma amakhalitsa m'thupi sabata yathunthu. Chakudya chimachedwa kuchoka m'mimba, mutu umamva msanga kuti wakhuta, ndipo thupi limathandizidwa kutsitsa shuga akakwera. Sasungunula mafuta monga anthu amanenera m'basi. Amangochepetsa wailesi ija. Kudya pang'ono ndi kuyenda zimatsalabe m'manja mwa mwini thupi.

Chobayiracho chili ngati cholembera chonenepa, kasingano kake kafupi kuposa tsitsi la m'chikope. Amabaya okha pamimba kapena pantchafu, kamodzi pasabata, Lachinayi. Tsiku loyambalo anatsinzina, anandifinya dzanja mpaka ndinaopa kuti mawa lake sindigwira lumo, kenako anafunsa namwino kuti abaya liti. Namwino anati wabaya kale.

Sindikubisirani, walira mvula walira matope. Milungu yoyamba inali ya nseru. Fungo la mafuta okazingira linkawathamangitsira pawindo. Ankageya ngati munthu wamkulu wapaudindo, kenako kudzimbidwa kunabwera. N'chifukwa chake achipatala amayamba ndi mlingo wochepa n'kumawonjezera pang'onopang'ono, akamuona munthuyo kaye. Anatiuzanso kuti m'mimba mukapweteka kwambiri osaleka, kapena akamasanza osasunga ngakhale madzi, tisadikire tsiku la sikelo. Zimenezo sizinatichitikire. Pano nseru imabwera pokhapokha akadya mopitirira, kapena akadya zonona kwambiri. Mawu amenewo muwasunge, ndibwererako.

Msuweni uja sanakuuzeni zonse za ulendo wake. Atatha kumwa tiyi anakokera achemwali kuchipinda n'kuwapempha kuti amugawireko jakisoni mmodzi kapena awiri, akuti ukwati wa mnzake wayandikira ndipo diresi likukana. Achemwali anakana. Ndiye munthu yemweyo amene anabwera kwa inu kudzalira kuti mwana wanu akutha, kuno ankapempha kuti naye atheko pang'ono. Musamukalipire, diresilo ndinamukulitsira ndipo anapita akuseka. Koma mukamuona mumuuze zimene namwino anatiuza, kuti mankhwalawa si a munthu wofuna kulowa m'diresi. Ndi a munthu amene kulemera kwake, akayerekeza ndi msinkhu, kwapitirira kwambiri, makamaka ngati kwabwera ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Woyembekezera, woyamwitsa, ngakhale amene akufuna mwana posachedwa, sapatsidwa. Amafunsanso ngati unadwalapo kapamba, ndi ngati kubanja kwanu kunakhalapo khansa ina ya chithokomiro. Mafunso amenewo wogulitsa wamseri safunsa. Mayi wina amene ndimamusokera anagula wake kumalo okonzera tsitsi, n'kuyamba ndi mlingo waukulu kuti zifulumire. Zinafulumiradi: tsiku lachitatu anali pabedi la chipatala, botolo la madzi lili pamkono.

Tsopano mumve za tepi yanga, imene sinama ngakhale kwa mkazi wa bwana. Chiuno cha achemwali chinali mainchesi 46. Patha miyezi isanu ndi itatu, chili 39. Shuga watsika, dokotala wachotsapo piritsi limodzi. Masitepe amakwera osatulutsa foni, ndipo sabata yatha anandisiya kumbuyo n'kundifunsa ali pamwamba ngati ndikufuna andinyamulire thumba. Chipongwe chimenecho ndinachilandira ndi manja awiri.

Madiresi awo ndachepetsa onse, koma sindinadule nsalu. Ndimangopindira m'kati. Atazindikira anakwiya, amati ndikuwatemberera kuti anenepenso. Ndinawakumbutsa zimene anatiuza kuchipatala, kuti munthu akasiya jakisoni njala ija imabwerera, ndipo kwa ambiri thupi limabwerera nayo, shuga n'kutsatira pambuyo. Telala wodula msanga amalipira nsalu ya mwini. Anandiponyera pilo, koma diresilo anavala.

Apa ndiye pali chimene ndalembera kalatayi. Mukudziwa kuti kumapeto kwa mwezi akubwera kwanuko kudzakhala milungu iwiri. Lachinayi lapitali ndinatsegula firiji masana n'kupeza cholembera chija chili momwe chinalili. Nditawafunsa anayamba za mvula, za mitengo ya zinthu, kenako anaulula. Akuti akufuna kusiya kubaya kuyambira pano mpaka atabwerako, kuti njala ibwerere, masaya adzadzeko, akafika adzathe kumaliza mbale yanu. Akuti shuga angathe kulimbana naye chaka chamawa, koma maso anu akaona chakudya chatsala sangathe kuwapirira ngakhale tsiku limodzi. Munthu wa zaka 43, mayi wa ana awiri, amene amakalipira oyendetsa basi mpaka kupepesa, ankalankhula akuyang'ana pansi ngati waswa kapu ya alendo.

Tinakangana mpaka tiyi anazizira. Pomaliza anabaya, koma titapangana. Ine ndilembe kalata. Inu mukayankha ulendo usanafike, atenga cholembera chawo m'chikwama. Mukakhala chete, achisiya m'firiji. Ndiye mukuona, amayi, mankhwala analemba ndi dokotala, koma chidindo chomaliza chili ndi inu.

Lamulo lanu ndimalidziwa, ndinakulira momwemo. M'nyumba mwanu mbale sinkapita kotsukira ili ndi kanthu. Ndikudziwanso kumene linachokera. Chaka chija bambo ali pa ulova, mphika utachepa, munkatigawira ife n'kunena kuti inu mwadyera kale kukhitchini. Tinkadziwa, amayi. Achemwali ndi amene anandiuza, ndili wamng'ono, kuti ndizisiya dala pang'ono m'mbale kuti mupeze chodya potsuka. Inu munkatibwezera mbaleyo, mutaima pamenepo mpaka titamaliza. Kuyambira nthawi imeneyo, kwa inu mwana wokhuta ndiye mwana wokondedwa, ndipo mwana wosiya chakudya ndiye kuti wadwala kapena wakwiya. Palibe amene angakutsutseni pa zimenezo, munatikulitsa nazo.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Akafika, muwalole adzigawire okha, ndipo mbale yawo ikabwerera ndi chakudya, musafunse. Musaonjezere akayang'ana kumbali, luso lanu lija timalidziwa. Musapume mpweya wautali uja umene umamveka mpaka panja. Musatumenso azakhali kuti akafunse m'malo mwanu. Adzadya ngati mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, pang'onopang'ono, n'kuima. Pamenepo sanakane dzanja lanu, akhuta basi. Mukawakakamiza adzadya kuti musangalale, kenako adzasanza kuseri kwa nyumba kuti musamve. Ngati mtima ukukuwawani kuti simunawachitire kanthu, yendani nawo madzulo dzuwa likapepa. Kuyendako akuti ndi mankhwala, ndipo nkhani zimene akusungirani sizingathe pa ulendo umodzi.

Cholemberacho sichidzakuvutitsani. Chimene ayamba kale kugwiritsa ntchito chimangofuna malo ozizira, opanda dzuwa, kumene zidzukulu sizifika. M'kabati muja muli mandala anu ndi mwabwino, popeza simutsegulidwa kawirikawiri.

Za alamu sindipempha kanthu, ndanena kuti pempho ndi limodzi. Ndingokuuzani kuti ndi iwo amene amakumbutsa za Lachinayi, amaimba ali kutali kufunsa ngati abaya. Atamva kuti mukuti amamana mwana wanu chakudya, anakatsegula kabati ya kukhitchini n'kuiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapita kukagula thumba lina la mpunga. Limenelo ndi thumba lachitatu, awiri enawo sanatsegulidwe.

Ndipo musaganize kuti kuno mphika unachepa. Manja a achemwali munawaphunzitsa ndinu, sadziwa kuphika pang'ono. Amaphikabe za anthu asanu, pamene ana ali kusukulu, mwamuna ali pamsewu, iwo eni akudya za mwana. Akamaliza amakankhira mbale pakati pa tebulo n'kundiyang'ana. Ine ndinaleredwa m'nyumba mwanu. Chakudya sichipita kudzala ine ndikuona.

Zina zonse zili bwino. Mwini nyumba wakonza mpopi wa kubafa patatha miyezi itatu, tsopano ukudontha mbali ina. Ntchito yachuluka chifukwa sukulu zasintha mayunifolomu, ndipo ndakusokerani bulauzi yamanja aatali, ya mtundu umene mumati sugwira litsiro. Achemwali adzabwera nayo. Ikathina musadandaule, m'kati ndasiyamo nsalu.

Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze kuti mwana wawo anavina bwino kuukwati kuja, zithunzi tinaziona. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa achimwene ndi alamu anga, ndi zidzukulu zanu zonse, makamaka kamtsikana kaja kamene kanandilonjeza kalata chaka chatha. Amayi aang'ono muwauze kuti sindinaiwale miyeso yawo. Achemwali akupereka moni, ali pano akunamizira kusita koma khosi lili pa pepala langa. Alamu nawo anati ndikalemba ndisawasiye, ngakhale mafoni akuvuta.

Tikudikira yankho lanu ulendo usanafike. Mawu awiri okha akwana.

Khalani bwino, amayi, Mulungu akusungeni.

Ndine mzime wanu,
Kaphesi

Ndisanamate envulopu: ine sindinabayidwepo jakisoniyu ngakhale kamodzi. Chiuno changa chinali mainchesi 30. M'mawa uno tepi yati 35.