Mikango ya ku Babulo Pakhoma Langa

Lachitatu, 3 Febuluwale 2021

Lero kwatentha, ndipo mtima wanga uli m'mwamba. Tidakali otsekeredwa m'nyumba chifukwa cha mliri. Nditaweruka kosamalira okalamba, ndinalowa msonkhano wa amayi akumpingo pa intaneti. Kumbuyo kwanga kunkaoneka chithunzi chimene ndinapachika pakhoma, cha mikango ya ku Babulo wakale yoyenda pa njerwa zabuluu zonyezimira.

Mayi Phiri, mtsogoleri wathu, anadukiza nyimbo.

"Mayi a Tadala, mafano amenewo muchotse. Babulo ndi mzinda wotembereredwa. Mukapanda kutero, Lamulungu simutsogolera kwaya."

"Amayi, ine sindigwadira mikango," ndinawayankha. "Bambo anga anakalamba akuumba njerwa ku Mchinji. Ndikayang'ana chithunzichi ndimaona anthu ngati iwo, amene anaponda dothi, kuumba ndi kuotcha mwaluso, moti mtundu wake sunasuluke mpaka lero."

Ndi Mayi Banda okha, namwino wa mumpingo mwathu wokhala m'dera la Girrawheen kuno kudziko la eni, amene ananditumizira uthenga kumbali kuti ndisagonje, koma pagulu sanatsegule pakamwa.

Bambo a Tadala akuti ndingochotsa kuti pakhale mtendere. Ndawauza kuti khomalo ndi langanso. Kwaya ndimaikonda, ndipo zindiwawa akandichotsa. Komabe Lamulungu ndikhala pampando womwewu, kamera sindiitembenuza. Akandilanda utsogoleri, ndiziimba kumbuyo, mokweza kuposa kale. Abusa akaimba foni mawa, ndiwafunsa kaye ngati kulemekeza luso la oumba njerwa ndi kupembedza mafano.