Ndiimasule kompyuta ya mkamwini?

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 71, sukulu ndinalekera Sitandade 5. Mkamwini wanga Vitus, amene amagwira ntchito ku Chipata, anandipatsa laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito kuti ndizionera zithunzi za adzukulu ndi kulembamo mbiri ya mtundu wathu. Kunena zoona imanditumikira bwino, moti ndafika kale pa agogo awo a mayi anga.

Wandipweteka mtima ndi Aleck, mnzanga wa pa bawo. Nditapita nayo laputopuyo ku bawoko, anaitembenuza pamaso pa anthu n'kunena kuti, "Achimwene, kapepala kali apaka n'kongomata. Za m'boda amazilemba mphamvu kunja, m'katimu muli nkhalamba ngati inu nomwe." Anthu anaseka. Patha sabata zitatu osapondako ku bawo.

Ine ndinasankha fodya pa esiteti ku Mkanda zaka 19. Ndimalidziwa belo la masamba abwino pamwamba, zinyalala pakati, ndipo mankhwala ake n'kulimasula basi. Sikuludiraiva ndili nayo. Kodi ndiimasule ndione injini yake? Ikapezeka yabodza, Vitus ndimuitanira ankhoswe.

F.K.B., Guilleme, Mchinji

Bambo F.K.B.,

Ikani pansi sikuludiraivayo. Mukaimasula mungoona tizitsulo tosakuuzani kanthu, ndipo mbiri ya agogo ingathere pomwepo. Belo siliyankhula, koma kompyuta mukaifunsa imayankha.

Ngati ndi ya Windows, dinani batani lojambulidwa zenera pamodzi ndi batani la R. M'kabokosi kamene katulukeko lembani msinfo32 ndi kudina Enter. Pa mzere wolembedwa System Model muona dzina lake lenileni. Pa mzere wa Processor pali dzina la ubongo wake, ndipo nambala yotsatana ndi zilembo za GHz ndiyo liwiro lake. Koperani papepala, muyerekeze ndi kapepala kaja.

Zikafanana, pepalalo mukamuwerengere Aleck pamaso pa omwe anasekawo. Zikasiyana, kumbukirani kuti Vitus naye mwina anagula pokhulupirira kapepala komweko.

Koma ankhoswe asiyeni alime mtedza wawo. Musagwedeze banja la mwana wanu chifukwa cha nthabwala za pa bawo, pomwe mwanena nokha kuti makinawo akukutumikirani. Ngati m'katimo mulidi nkhalamba, ndiye kuti nkhalamba ziwiri zikulemba mbiri ya mtundu wonse. Mukamufunse Aleck kuti yake wafika nayo pati.